Melanoma ya amayi yafika siteji 4: tigulitse munda tipite ku India, kapena tiyambire pati?

Chisamba_Area25

Moni nonse pano. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za khansa. Amayi athu ali ndi zaka 61. Kwa zaka ngati ziwiri anali ndi banga lakuda pachidendene, tonse tinkangoti ndi ming'alu kapena munga unathyokeramo kumunda. Chaka chino lasanduka chilonda chosapola, chikutuluka magazi ndipo chayamba fungo. Kuchipatala anadulako kanyama kukapima, zotsatira zabwera zoti ndi melanoma, khansa ya pakhungu. M'mphechepeche muli mwanabele wolimba ngati dzira, sikani yaonetsanso timadontho m'mapapo. Adokotala akuti ndi siteji 4.

Kumudzi ku Mitundu atsibweni akuti tigulitse munda ndi ng'ombe tipite nawo ku India. Ena akuti mwendo ungodulidwa nkhani ithere pomwepo. Amayi aang'ono akuti eni akewo asauzidwe, angataye mtima. Pakadali pano usiku sakugona ndi ululu, Panado sakuphula kanthu. Kodi chithandizo chilipo chotani, ndipo ife apabanja tichite chiyani choyamba?

Mlangizi_wa_khansa

Pepani kwambiri achemwali. Ndiyambe ndi za mwendo, poti zimenezo zikachitika sizibwerera.

Kudula mwendo sikungachotse khansa imene yafika kale m'mapapo. Melanoma imayambira m'timaselo topanga mtundu wa khungu, ndipo ikazika mizu imayenda njira ziwiri: ya anabele, ndiye chotupa cha m'mphechepechecho, ndi ya magazi, ndiye timadontho ta m'mapapoto. Ikagwidwa isanachoke pachidendene, opaleshoni ndiye mankhwala ake enieni. Dokotala amachotsa banga lonse pamodzi ndi khungu labwino lolizungulira, sentimita 1 ngati kuzama kwa khansa sikunapitirire milimita 1, masentimita 2 ngati kwadutsa mamilimita 2. Pa siteji 4 mpeni uli nayobe ntchito, koma ndi ina: kuchotsa chilonda chimene chikutaya magazi, kununkha kapena kuwaletsa kuponda pansi. Madokotala a opaleshoni akanena zimenezo, afunseni poyera kuti, "Mukudula kuti achire kapena kuti apepukidwe?" Banja likamva yankho lake silidzaloza munthu chala mawa.

Zambiri zimene muwerenge pa intaneti zinalembedwera azungu, amene melanoma yawo imabwera ndi dzuwa pamsana kapena pankhope. Ya ife anthu akuda imakonda kupansi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Madokotala amaitcha acral melanoma, ndipo kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa kagwiridwe ntchito ka mankhwala.

Mankhwala amene anasintha mbiri ya matendawa ndi a immunotherapy. Khansa imanyenga asilikali a m'thupi kuti asaigwire, ndiye mankhwalawa amamasula asilikaliwo. Ipilimumab anavomerezedwa ku America mu 2011, pembrolizumab ndi nivolumab mu 2014, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linaika awiri omalizawa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Asanabwere, odwala melanoma yofalikira ambiri sankatha chaka. Pa kafukufuku wamkulu wotchedwa CheckMate 067, mwa odwala 100 alionse amene analandira nivolumab pamodzi ndi ipilimumab, 43 anali moyo patatha zaka 10. A nivolumab yekha, 37. Nambala zimenezi nzoona, koma muzimve ndi makutu awiri. Odwala ambiri mmenemo anali ndi melanoma ya dzuwa ija, pomwe ya kuphazi simva mankhwalawa mofanana, amene amathandizika amachepa. Komanso si jakisoni wobaya kamodzi. Pembrolizumab ndi dilipi ya 200 mg pa milungu 3 iliyonse, kapena 400 mg pa milungu 6, kufikira zaka 2. Ndiye madilipi 35 mukawerenga pa milungu itatu-itatu.

Gulu lachiwiri ndi mapiritsi a dabrafenib ndi trametinib. Awa amagwira pokhapokha khansayo ili ndi kusintha kwa m'maselo ake kotchedwa BRAF V600. Pa melanoma ya dzuwa kumapezeka pafupifupi theka la odwala, koma pa ya kuphazi mwina munthu m'modzi mwa asanu kapena kucheperapo. Osagula mapiritsiwa kanyama kasanapimidwe BRAF, nkutaya ndalama m'madzi. Akagwira amagwira msanga, zotupa zimafota m'milungu yochepa, kungoti kwa ambiri khansa imadzapeza njira yowazembera pakatha miyezi kapena chaka.

Kemo wanthawi zonse (mankhwala opha maselo a khansa), monga dacarbazine kapena carboplatin ndi paclitaxel, ndiye wosavuta kupeza kuno. Ndinene mosabisa: pa melanoma kemo ndi wofooka. Dacarbazine amafotetsa zotupa mwa odwala 10 mpaka 20 pa 100, nthawi zambiri kwa miyezi yowerengeka, ndipo sanaonetsepo kuti amatalikitsa moyo. Munthu amene ali ndi mphamvu, akuyenda ndi kudya, atha kuyesa maulendo awiri kapena atatu nkuona ngati pali kusintha. Wofooka kale, kemo amangomuwonjezera nseru ndi maulendo a minibasi.

Radiotherapy, kuwotcha khansa ndi cheza cha makina, imathandiza malo amodzi amene akuvuta: fupa lopweteka, chotupa chotaya magazi, kapena khansa ikafika mu ubongo. Pa ululu wa fupa nthawi zina ulendo umodzi umakwana. Ku National Cancer Centre, pa Kamuzu Central, ndi kumene mungakafunse ngati amayi akuyenera zimenezi. Ponyamuka tengani buku lawo lakuchipatala, pepala la zotsatira za kanyama ndi sikani ija.

Namwino_wa_paliyativu

Zikomo amlangizi, mwalongosola bwino. Ine ndikokere nkhani ku usiku wa lero, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za India zitenga milungu, koma munthu wosagona ndi ululu sayenera kudikira milungu. Pitani nawo mawa lomwe ku kiliniki ya paliyativu, kumene amachepetsa ululu ndi mavuto ena a odwala matenda aakulu. Kulembetsa kumeneko sikutseka khomo la kemo kapena opaleshoni, zimayendera limodzi.

Ululu woterewu umafuna morphine wakumwa. Amalemba ndi a kuchipatala, koma opatsa ndinu, ndiye mudziwe kayendedwe kake. Munthu wamkulu amayambira pa 2.5 mg kapena 5 mg maola 4 alionse: 6 koloko m'mawa, 10 koloko, 2 koloko masana, 6 koloko madzulo, kenako 10 koloko usiku amamwa mlingo wowirikiza kuti musawadzutse 2 koloko. Amwe potsata wotchi, osadikira kuti ululu ubwere kaye, chifukwa ululu wokwera kale ndi wovuta kutsitsa. Ukabuka pakati pa maola, apatseni mlingo wina wofanana ndi wa maola anayiwo, nkulemba m'kope nthawi yake. Kope limenelo ndilo limauza namwino ngati mlingo ukufunika kukwezedwa.

Cholakwika choopsa kwambiri chili pa botolo. Morphine wamadzi amabwera mu mphamvu zosiyana, wina 1 mg pa 1 ml, wina 10 mg pa 1 ml. Munthu anazolowera kuyeza 5 ml, apatsidwa botolo lamphamvu, nkuyezabe 5 ml, wapereka mlingo kakhumi. Botolo lililonse latsopano, funsani pawindo pomwepo kuti "mamililita angati", alembe pabotolopo, ndipo muziyezera sirinji, osati supuni ya tiyi. Kuwodzera masiku awiri atatu oyamba sikodabwitsa. Koma akavuta kudzutsa, akamapuma mwapatalipatali kapena kunjenjemera modzidzimuka, musawapatse mlingo wotsatira, thamangani kuchipatala.

Morphine amadzimbitsa aliyense, ndipo zimenezi sizitha pazokha. Bisacodyl 5 mpaka 10 mg usiku ayambe tsiku lomwelo, pamodzi ndi madzi okwanira ndi papaya wakupsa. Masiku atatu akadutsa osachita chimbudzi, kanenedwe. Panado apitirize. Bufeni, Indosidi ndi asipirini ayi, chifukwa chilondacho chikutaya kale magazi. Ululu ukamakhala wowotcha kapena wothamanga ngati magetsi kutsika mwendo, ndiye kuti mwanabele uja akupanikiza mtsempha. Nenani choncho, amawonjezera amitriptyline wochepa wa usiku. Ndipo musadikire kuti botolo liume, katengeni lina kukadali kwa sabata.

Pali mantha akale oti morphine ndi wa anthu otsala pang'ono kutisiya, kapena amafupikitsa moyo. Woperekedwa pa mlingo wake sachita zimenezo. Munthu wogona tulo amadzuka nkumwa phala.

Tsopano chilonda. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere supuni yaing'ono imodzi yosasefukira, azizire. Madzi amenewa akhale atsopano tsiku lililonse. Bandeji yakale inyowetseni kaye kwa mphindi zingapo ichoke yokha, mukaimatula youma magazi ayambiranso. Tsukani mothira, osapukuta mokhula, ndipo musagwiritse thonje chifukwa ulusi wake umakanirira. Sipiriti, Jik ndi mankhwala otentha asafikepo. Fungo limachokera ku tizilombo tokhala m'nyama yakufa, ndipo mankhwala ake ndi metronidazole, uja timati Flagyl: perani piritsi limodzi kapena awiri pakati pa masupuni awiri, wazani ufawo pachilonda, phimbani ndi gozi wopaka Vaseline. Pakatha masiku awiri kapena atatu fungo limatsika moonekeratu. Mbale ya makala pansi pa bedi imathandizako kuchipinda. Masana chilonda chisakhale pamtunda, ntchentche zikaikira mazira mudzapeza mphutsi.

Magazi akayamba, kwezani mwendo pa pilo, panikizani ndi nsalu yoyera bwino mphindi 10 zathunthu osasuzumira. Sungani pafupi thaulo kapena chitenje chakuda. Magazi pansalu yowala amaoneka ambiri nkuopsa wodwala ndi ana omwe. Akapanda kuleka, kuchipatala. Kutema mphini kapena kumata zitsamba pachilonda chotere kumabweretsa magazi ndi mafinya. Pemphero ndi kucheza sizitsutsana ndi mankhwala, koma lumo lisayandikire phazilo.

Chisamba_Area25

Zikomo kwambiri nonse awiri, mawa tilawirira ku paliyativu. Amayi akuyendabe ndi ndodo, amakhala pakhonde nkumasankha nyemba, kudya akudya pang'ono. Ndiye za India zija tingoziiwala?

Wa_ku_famase

Ayi achemwali, musaziiwale, koma musagulitse kanthu musanagwire pepala m'manja. Mmene mwafotokozeramu, munthu woyenda yekha amene tsiku lonse sali pabedi ndiye amene immunotherapy ingamuthandize. Akanakhala ogona kupitirira theka la tsiku ndikanati ndalamazo zigwire ntchito pakhomo.

Yambani ndi kutumiza mapepala, osati munthu. Chipatala cha kunja chimatha kupereka ndondomeko ndi mtengo chitaona zotsatira za kanyama, zithunzi za sikani, ndi magazi: kuchuluka kwa magazi, chiwindi, impso, LDH (chizindikiro cha m'magazi chothandiza kudziwa pamene khansa yafika), HIV ndi hepatitis B. Ku labu kumene anapima kanyama amasunga chidutswa chake m'kabuloko ka phula. Pemphani kudzera kwa dokotala wawo kabulokoko kapena magalasi ake, chifukwa BRAF amapimira pamenepo, sipafunika kudulanso amayi. Funsaninso dokotala wamkulu amene akuwaona ngati angawalembere ku komiti ya Unduna wa Zaumoyo yotumiza odwala kunja; njira yake imadzera kwa iyeyo, osati kwa munthu wapakati wolonjeza kuthamangitsa mafayilo.

Pepala la mtengo likabwera, musayang'ane nambala ya ulendo woyamba yokha. Ku America dilipi imodzi ya pembrolizumab imaposa madola 10,000. Kwina imatsikirapo, komabe ndi madola masauzande, kuchulukitsa ndi maulendo onse, kuphatikiza ndege ya anthu awiri, pogona, chakudya ndi masikani. Sikani yoyamba yoona ngati mankhwala akugwira imachitika patatha milungu ngati 12, kutanthauza madilipi anayi. Amenewo ndiye malire apansi. Banja likakwanitsa dilipi imodzi kapena ziwiri nkuuma, munda wapita, yankho silinadziwike. Ndipo ngati sikaniyo yaonetsa kuti akugwira, funso likhala lakuti otsalawo alipira ndani, ndipo aziperekedwa kuti. Pali mabanja amene amasankha kuti wodwala akhale ku Lilongwe konkuno, mankhwala nkumaitanitsa. Zimenezo zidzere kwa dokotala wa khansa ndi famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Mankhwalawa amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, osaundana. Botolo limene layenda m'chikwama cha munthu pa basi, kapena lagona mufiriji magetsi atazima tsiku lonse, simungalidalire.

Chimene ambiri sauzidwa ndi zovuta zake. Immunotherapy sathothola tsitsi ngati kemo, ndiye anthu amayesa ndi wofatsa. Asilikali omasulidwa aja amatha kutembenukira thupi lomwe: matumbo, mapapo, chiwindi, chithokomiro. Zimatha kubuka ngakhale patatha miyezi chilandirireni dilipi yomaliza. Vuto lake kuno nlakuti zizindikiro zake zimafanana ndi matenda athu a tsiku ndi tsiku. Munthu atsegula m'mimba kanayi kasanu patsiku, apita ku kiliniki yapafupi, apatsidwa Thanzi ndi maantibayotiki, pamene chofunika chinali prednisolone wamphamvu wotontholetsa asilikaliwo, 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Chifuwa ndi befu nkuyesedwa TB kapena chibayo. Choncho wolandira mankhwalawa ayende ndi kalata yonena dzina la mankhwala ndi tsiku limene analandira, ndipo pakhale dokotala wa kuno wodziwa nkhani yonse amene mungamuimbire. Kuphatikiza ipilimumab kumawonjezera mphamvu, koma odwala oposa theka amakumana ndi zovuta zazikulu. Popanda chipatala chokonzeka pafupi, ine sindingaulimbikitse msakanizo umenewo. HIV payokha siletsa immunotherapy ngati munthu akumwa ma ARV bwino.

BRAF ikapezeka, nkhani imapepukako chifukwa ndi mapiritsi omwera pakhomo: dabrafenib 150 mg kawiri patsiku, trametinib 2 mg kamodzi, m'mimba mopanda chakudya. Amakonda kutenthetsa thupi, ndiye kutentha kulikonse pimitsani malungo komanso dziwitsani dokotala wa khansa tsiku lomwelo.

Mayi_wa_uphungu

Ine ndigwire pa mawu a amayi aang'ono, oti eni ake asauzidwe. Cholinga chawo nchachikondi, koma taganizani: munthu wa zaka 61 akuona chilonda chake, akumva fungo, akuona ana ake akunong'onezana pakhonde nkukhala chete iye akatulukira. Akudziwa kale kuti zinthu sizili bwino. Chimene mwamubisira si matenda, koma mpata wolankhula. Komanso munda ukukambidwawo, pa chikhalidwe chathu cha Achewa nthawi zambiri ndi wa mbumba ya amayi omwewo. Atsibweni ndi mwinimbumba, mawu awo ndi olemera, koma kugulitsa munda wa munthu ali moyo, kumukweza ndege osadziwa kumene akupita ndi chifukwa chake, sizoona.

Kuuza sikutanthauza kuwakhuthulira zonse kamodzi. Khalani pansi awiri kapena atatu amene amawakhulupirira, muwafunse kuti, "Amayi, inu mukuona kuti matendawa akuyenda bwanji?" Kenako, "Adokotala atiuza zambiri, mukufuna timve limodzi kapena tizikusenzerani ife?" Ena amafuna zonse, ena amati "kambiranani ndi mwana wanga wamkuluyu". Onsewo asankha okha. Ngati pakamwa pakulemera, anamwino a paliyativu anaphunzira ntchito imeneyi, apempheni akhalepo.

Pa kasamalidwe, mtolo umakonda kugwera mwana wamkazi m'modzi wa m'tauni, ena nkumangoimba foni. Gawanani ndi mayina ndi masiku: wogona nawo, wotsuka chilonda, woperekeza kuchipatala. Woperekeza akhale yemweyo nthawi zonse ndi kope lake, kuti nkhani isamasinthe pakamwa. Otsuka chilonda aphunzitsidwe awiri, wina akadwala zinthu zisaime. Ndalama zisungidwe ndi munthu m'modzi, zolowa pa Airtel Money kapena Mpamba ndi zotuluka zizilembedwa pa gulu la banja la WhatsApp, chifukwa abale ambiri amadana pa ndalama za matenda kuposa pa matendawo. A Mvano, a Dorika kapena a mphakati akafunsa chothandiza, musamangoti "tipempherereni". Auzeni kuti Lachitatu pakufunika wochapa, Loweruka wokhala nawo kuti gadiyani akapume. Alendo azilowa awiri awiri, mphindi zochepa.

Chakudya musawakakamize. Khansa yofalikira imachotsa chilakolako, ndipo mbale yodzaza nsima imangowafooketsa. Pang'ono pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku: phala la Likuni lothira chiponde, dzira, nthochi, thobwa, msuzi wa nkhuku. Shuga sadyetsa khansa mwa njira imene mauthenga a pa foni amanenera, musawamane tiyi wawo. Matendawa sapatsirana, zidzukulu zidye nawo mbale imodzi.

Akadali ndi mphamvu chonchi, afunseni za wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limafuna kuti ikhale yolembedwa, asayine eni ake pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ndi bwino mbonizo zisakhale anthu olandira nawo chumacho. Afunseninso kumene akufuna kukhala matenda akadzakula, ku Area 25 kapena ku Mitundu. Akasankha kumudzi, kalata yowatumiza ku chipatala chapafupi ndi komweko itengedwe asananyamuke, kuti morphine asadukize.

Mlangizi_wa_khansa

Ndiwonjezere zizindikiro zosadikira tsiku la kiliniki. Melanoma imakonda kupita mu ubongo kuposa khansa zambiri. Mutu wopweteka kwambiri m'mawa ndi kusanza, kukomoka ngati khunyu, kusokonezeka, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi kufooka, pitani nawo tsiku lomwelo. Dexamethasone amachepetsa kutupa ndipo munthu amatha kutsitsimuka m'masiku awiri. Msana wopweteka pamodzi ndi miyendo yolemera kapena mkodzo wokanika, amenewo ndi maola, osati masiku. Mwendo wodwalawo ukatupa mwadzidzidzi nkumapweteka, kapena befu akabwera mosayembekezereka, akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha. Akayamba kemo, kutentha thupi kofika madigiri 38 nkwa kuchipatala usiku womwewo, osati Panado. Ndipo asanakwere ndege iliyonse, funsani ngati mutu unajambulidwa.

Inu ana, dzioneni kumapazi ndi kalilole kamodzi pamwezi, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe. Banga lakuda limene likukula, m'mbali mwake mosalongosoka, mzere wakuda m'chikhadabo umene ukutambasuka kapena kudutsira pakhungu, chilonda cha kuphazi chosapola milungu inayi: zimenezi zikufuna kudula kanyama. Kuno khansa ina ya pakhungu yotchedwa Kaposi ndi yofala kumapazi, zilonda za shuga nazonso, ndipo ndi maso okha ngakhale dokotala amatha kusokoneza. Musalole kuti banga lotere lipsereredwe kapena kupalidwa osatumiza ku labu, chifukwa kuzama kuja, kumene kumanena kukula kwa opaleshoni, kumakhala kwatayika.

Chisamba_Area25

Tabwerako ku paliyativu. Botolo ndi la 1 mg pa 1 ml, alembapo 2.5 ml. Za kabuloko ka phula adokotala akuti atilembera kalata Lachinayi. Atsibweni afika Loweruka, tikhala pansi amayi ali pomwepo. Funso lina kwa anamwino: Flagyl uja tiziwaza m'mawa mokha kapena madzulonso?

Namwino_wa_paliyativu

Kawiri patsiku mpaka fungo litsike, kenako kamodzi posintha bandeji. Morphine wa nthawi imeneyo amwe mphindi 30 musanayambe kutsuka.